Ng'oma Si Tchimo

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtima wanga ukuwawa. Achinyamata anayi a m'kwaya yathu atulutsa chimbale chawo choyamba cha jazi. M'malo mowayamikira, ena mwa inu mukuti ndi nyimbo za ziwanda chifukwa mukumveka ng'oma ngati ya vimbuza.

Kodi mwaiwala kuti nyimbo zambiri za mu Sumu za Ukhristu zidachokera ku maimbidwe a Angoni ndi Atumbuka? Ku Embangweni, m'busa Donald Fraser ankalimbikitsa Akhristu monga a Mawelera Tembo kupeka nyimbo zotamanda Mulungu m'maimbidwe akwawo. Malemu a Wambali Mkandawire adalemekeza Mlengi ndi jazi pa chimbale cha Zani Muwone mu 2002. Gulu la Body, Mind and Soul la kuno ku Mzuzu litapambana mpikisano wa Music Crossroads mu 2007, tonse tidanyadira. Kodi tizidikira kuti alendo ayambe kuwomba m'manja?

Tchimo limachokera mumtima, osati m'chikopa cha ng'oma. Werengani Salimo 150. Tikawathamangitsa ana awa, malo omwera mowa adzawalandira, ndipo mlandu udzakhala wathu. Gulani chimbalecho, mumvetsere mpaka kumapeto, kenako muweruze mawu ake.

Ambuye akudalitseni.