Tsiku la Kuwerenga: Kodi Tikondwerera Buku Kapena Cobvala?

M'zaka zaposacedwa mwambo wina wacilendo walowa m'masukulu ena a m'matauni mwathu, maka-maka m'masukulu olipiritsa. Pa tsiku loikika ana amauzidwa kusiya yunifomu kunyumba ndi kubwera atabvala ngati munthu kapena nyama ya m'nkhani ya m'buku. Colinga cake, amatero oyang'anira sukulu, ndi kukondwerera kuwerenga. Ana amalilakalaka tsikuli, koma makolo amalilandira ndi mitima iwiri: amakondwa kuona mwana wao ali kuthamangira kusukulu ndi nkhope yowala, komanso amadandaula akawerengera ndalama zimene zatha. Inu amene muli kuphunzira uphunzitsi mudzaupeza mwambowu kumene mukupita, ndipo mwina mudzapatsidwa udindo woukonza. Ganizo langa ndi ili: madandaulo a makolo ali ndi maziko, ndipo tsiku lotere liyenera kuyesedwa ndi muyeso umodzi wokha, ndiwo wakuti kodi mwana wawerenga ciani.

Kumene mwambowu unacokera

Bungwe la UNESCO linaika masiku awiri okhudza nkhaniyi. Loyamba ndi la 8 Sepitembala, tsiku lokumbutsa dziko lonse kufunika kwa kudziwa kuwerenga ndi kulemba, limene linakhazikitsidwa mu 1966. Laciwiri ndi la 23 Epulo, tsiku la mabuku, limene linakhazikitsidwa mu 1995. Ku Catalonia, m'dziko la Spain, anthu anali kale ndi mwambo wopatsana mabuku ndi maluwa pa 23 Epulo. Zindikirani kuti mphatso yake inali buku.

Kubvala ngati anthu a m'nkhani kunachuka kwambiri m'masukulu a ku Britain ndi ku Ireland, kumene tsiku la mabuku limacitika pa Lacinai loyamba la mwezi wa Malichi. Koma kumeneko mwana aliyense wa sukulu amalandiranso kapepala kamene angasinthanitse ndi buku m'sitolo. Ngakhale zili tero, makolo a kumeneko nao amadandaula za mtengo wa zobvala, ndipo masukulu ena analeka kuzifuna. Tsono ife tatengera cobvala, kapepala kogulira buku tasiya komweko. Tatola khoko, cipatso cake catsala kwa eni.

Cimene makolo amakondwera naco

Sitiyenera kupeputsa cimwemwe ca tsikuli. Mwana wa Giredi 2 amene amaopa kutsegula pakamwa m'kalasi angathe kulankhula molimba mtima akakhala Kalulu, pakuti wolankhulayo sakhalanso iye koma Kalulu. Kholo limene silinafike patali ndi sukulu limanyadira kuona mwana wake ataimirira pamaso pa anthu. Ndiponso kusanduka munthu wa m'nkhani si cinthu cacilendo kwa ife. Wokamba nthano wabwino amasintha liu akafika pa mau a Fisi, amatsimphina akakhala Kamba, omvera nabvomereza nyimbo. Julius Chongo, m'nkhani zake za Poceza m'Madzulo pa wailesi ya dziko lino, anali kukhala anthu ambiri ndi pakamwa pamodzi, wopanda cobvala ciliconse coti omvera aone. Cotero sewero ndi nthano ndi zipangizo zeni-zeni za mphunzitsi wa cinenero, ndipo sindikupemphani kuzitaya.

Madandaulo anai

Tiyeni titenge tauni ya Kafue monga citsanzo. Tauniyi inakula cifukwa ca mafakitale, monga ya feteleza ya Nitrogen Chemicals of Zambia, imene inayamba nchito mu 1970, ndi ya nsalu ya Kafue Textiles of Zambia. Malonda atamasulidwa m'zaka za m'ma 1990, mafakitale a nsalu m'dziko muno anafooka ndipo anthu ambiri anataya nchito. Lero m'kalasi imodzi mungapeze mwana wa munthu wolandira malipiro pamwezi wa ku Kafue Estates, mwana wa mai wogulitsa nsomba pamsika wa ku Zambia Compound, ndi mwana wamasiye woleredwa ndi agogo ake ku Shikoswe. Kalata imodzi yocokera kusukulu imafika m'nyumba zitatuzi, koma kulemera kwake sikufanana.

Dandaulo loyamba ndi la ndalama. Boma linacotsa malipiro a sukulu za pulaimale mu 2002, ndipo linanenanso kuti mwana asabwezedwe cifukwa cosowa yunifomu. Mu 2022 maphunziro aulere anafika mpaka Giredi 12. Tanthauzo la zonsezi ndi lakuti umphawi usatsekere mwana khomo la kalasi. Mphunzitsi akalemba kuti ana onse abwere ndi cobvala capadera, wabwezera malipiro aja mobisa. Makolo ambiri akumbukira masiku a siviliyani, pamene mwana anali kupereka ndalama kuti aloledwe kubvala zobvala za kunyumba, ndipo sitingawadzudzule akaganiza kuti tsiku la kuwerenga ndi njira inanso yosonkhetsera. Kholo limafunsanso funso labwino: ngati ndalama zilipo zogulira cobvala ca tsiku limodzi pa salaula kapena cosoketsa kwa telala, bwanji osagula buku limene mwana adzakhala nalo zaka zambiri, mng'ono wake nadzaliwerenganso?

Laciwiri ndi la manyazi. Ubwino waukulu wa yunifomu ndi wakuti imabisa kusiyana kwa makomo kumene ana acokera. Tsiku la zobvala limaulula kusiyanako pabwalo. Mwana amene alibe cobvala ali ndi njira ziwiri: kubwera ndi kusekedwa, kapena kukhala kunyumba. Ambiri amasankha kukhala. Motero pa tsiku lokondwerera kuwerenga, mwana amene alibe buku ngakhale limodzi kwao, amene anafunika tsikuli koposa onse, ndiye sapezeka. Mphotho ya wobvala bwino ikaperekedwa, kweni-kweni imapita ku thumba la atate ake.

Lacitatu ndi lakuti nkhani zake n'za eni. Funsani mwana wobvala ngati Spider-Man kuti anamuwerenga m'buku liti. Adzakuuzani kuti anamuona pa wailesi ya kanema. Mtsikana wobvala ngati Cinderella kawiri-kawiri wasankha diresi, sanasankhe nkhani. Palibe colakwa kuti ana athu adziwe nthano za maiko ena. Koma ngati pa bwalo lonse palibe Kalulu, Kamba kapena Njobvu, tikuphunzitsa ana mwakacetecete kuti buku leni-leni ndi la Cingelezi lokha, ndi kuti Cinyanja ndi ca pamsika cabe. Pamenepo taiwala kuti Samuel Josia Ntara analemba Nthondo kale mu 1933, ndi kuti John Gwengwe anatisiyira Sikusinja ndi Gwenembe. N'zomvetsanso cisoni kuti m'tauni imene inali kuumba ndi kudinda citenge cake, lero kholo lifufuze m'mulu wa salaula cobvala ca ngwazi ya ku America.

Lacinai limakhudza cikhulupiriro, ndipo aphunzitsi acicepere amaliiwala msanga. M'nkhani zambiri za ku Ulaya muli mfiti ndi amatsenga, ndipo kumeneko mfiti ya m'buku ndi coseketsa ana. Kuno liu lakuti mfiti ndi lolemera. Lapasula mabanja ndipo lathamangitsa nkhalamba m'midzi. Kholo limene likana kuti mwana wake abvale ngati mfiti lisayesedwe mbuli. Cimodzi-modzi ndi zophimba kumaso. Gule Wamkulu wa Acewa ndi Makishi a ku Cigawo ca Kumpoto-cakumadzulo, zimene UNESCO inazilemekeza mu 2005, zili ndi eni ake ndi malamulo ake. Kholo la mpingo wina lingakhumudwe kuona mwana wake ataphimba nkhope, pamene kholo lolowa mwambo lingakhumudwe kuona cinthu colemekezeka cikuseweretsedwa ndi ana. Onse awiri ayenera kumvedwa.

Bvuto leni-leni

Akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Bwalo lodzaza ndi ana obvala mokongola lingabise coona cowawa cakuti ambiri a iwo satha kuwerenga. Kuyambira 1966 ana a m'dziko muno anali kuyamba sukulu m'Cingelezi. Kufufuza kwa bungwe la SACMEQ, kumene zotsatira zake zinatuluka mu 1998, kunaonetsa kuti mwa ana anai alionse a Giredi 6, mmodzi yekha ndiye anafika pa muyeso wocepetsetsa wa kuwerenga. Ndondomeko ya Educating Our Future ya 1996 inali itanena kale kuti mwana ayambe kuwerenga m'cinenero cimene acidziwa, ndipo kucokera mu 1999 Primary Reading Programme inayamba kucita zimenezi m'zinenero zisanu ndi ziwiri. Mu 2014 zinenero zathu zinakhala zophunzitsira kuyambira Giredi 1 mpaka 4, ndipo dongosolo la maphunziro la 2023 linabwezeranso Cingelezi pamalopo. Malamulo asintha kangapo, koma nchito ya mphunzitsi wa Cinyanja ikali yomweyo: kuti mwana aone malembo, amve liu, nazindikire tanthauzo. Cobvala pacokha sicicita ngakhale cimodzi ca zitatuzi.

Cimene mphunzitsi angacite

Yambani ndi nkhani, cobvala cibwere pambuyo. Milungu itatu kapena inai tsiku lisanafike, sankhani nthano imodzi kapena ziwiri zimene kalasi lonse lidzawerenga pamodzi. Mwana asaloledwe kukhala Fisi asanathe kunena cimene Fisi anacita ndi cifukwa cake. Popeza 23 Epulo kawiri-kawiri imagwera pamene masukulu atseka, mungasankhe tsiku la m'mwezi wa Sepitembala, kuciyambi kwa temu yacitatu.

Zobvala zipangidwe m'kalasi, ndi ana eni ake, kucokera ku zinthu zosagula. Makatoni akale amapanga makutu a Kalulu ndi cigoba ca Kamba. Thumba la ufa lotha nchito, makoko a cimanga, luzi, makala ndi coko n'zokwanira. Ana abvale zimenezi pamwamba pa yunifomu kapena pa zobvala zao za masiku onse, nkhope zili poyera. Kalata yopita kwa makolo inene momveka kuti palibe cogula ndipo palibe ndalama yopereka. Musaike mpikisano wa wobvala bwino.

Cobvala cigwire nchito ya cinenero. Mwana aliyense alembe yekha dzina la munthu wake pa kapepala kopacika pacifuwa. Kalembedwe ka Cinyanja kamatsata kachulidwe mokhulupirika: tili ndi mavawelo asanu, ndipo pafupi-fupi silabo iliyonse imathera pa vawelo. Mwana wa Giredi 1 angagawe dzina lakuti Kalulu kukhala ka-lu-lu, kenaka napeza ka yemweyo mu Kamba. Wa Giredi 2 angafanizire mb wa mu Kamba ndi mb wa mu mbuzi. Wa Giredi 4 alembe ziganizo zitatu zimene munthu wake anganene, naziwerenge pamaso pa anzake. Wa Giredi 6 alembe mathero ena a nthanoyo.

Itanani makolo monga eni nkhani. Ku Kafue ana amaphunzira Cinyanja kusukulu, koma m'nyumba zambiri mumalankhulidwa Citonga, Cisoli, Cigoba, Cibemba kapena Cilozi. Pemphani agogo mmodzi adzakambe nthano m'cinenero cao, ana aibwereze m'Cinyanja, inu muilembe pa bolodi monga momwe anawo ainenera. Msodzi wa pa mtsinje wa Kafue ali ndi nkhani za mvuu ndi ng'ona zimene sizili m'buku lililonse la sukulu. Kholo limene lapemphedwa nzeru limabwera ndi mtima wosiyana ndi kholo limene lapemphedwa ndalama. Ndipo musanalengeze tsikulo, kambiranani ndi mphunzitsi wamkulu ndi komiti ya makolo. Mutu umodzi susenza denga.

Potsiriza, mwana aliyense abwerere kwao ndi cowerenga m'manja. Ngati sukulu ilibe mabuku obwereketsa, mapepala anai opindidwa pakati ndi kusokedwa ndi ulusi ndi buku. Mwana alembemo nthano ya kalasi, ajambulemo zithunzi, alembe dzina lake pacikuto. Madzulo akawerengere amai ake. Pamenepo kholo lidzaona ndi maso ake cimene tsikulo linali kukondwerera.

Mau otsiriza

Mwina ena adzati njira iyi icotsa kukongola kwa tsikulo, ndi kuti makolo amene ali nazo ndalama ali ndi ufulu wokongoletsa ana ao. Ufuluwo ali nao ndithu, pa ukwati ndi pa Khirisimasi. Koma kalasi ndi la ana onse, ndipo mphunzitsi ndiye mlonda wa mwana amene alibe womulankhulira. Mukadzamva kholo likudandaula za tsiku la zobvala, musafulumire kunena kuti silikonda maphunziro. Kawiri-kawiri likufunsa funso limene ife aphunzitsi tinayenera kuyamba kufunsa: kodi mwana wanga adzatha kuwerenga bwino mawa kuposa dzulo? Konzani tsikulo kotero kuti muthe kuyankha kuti inde.

Mafunso okambirana

1. Mwa madandaulo anai amene achulidwa, ndi liti limene lingakhale lalikulu pa sukulu imene munacitirako zoyeserera kuphunzitsa? Fotokozani cifukwa cake.

2. Lembani kalata yaifupi ya m'Cinyanja yodziwitsa makolo za tsiku la kuwerenga, yosapempha ndalama ndiponso yowapatsa mbali yoti acite.

3. Sankhani nthano imodzi yoyenera Giredi 2, ndipo onetsani masilabo amene mungaphunzitse kucokera m'maina a anthu kapena nyama za m'nthanoyo.