Basi ya 12 koloko inanyamuka 6 koloko

Loweruka lapitali ndinali pa msonkhano wa makolo pa sukulu ina ya sekondale kuno ku Salima. Ndinapitira mlongo wanga, pajatu umalume si kumangodya nkhuku pa chinkhoswe. Nkhani inali imodzi: ana a Fomu 3 akufuna kupita ku Tanzania pa tchuthi chikubwerachi, akaone Dar es Salaam ndi Bagamoyo, ndipo thumba likalola awolokere ku Zanzibar.

Tinakhala maola atatu pansi pa mtengo wa mango. Awiri ndi theka anathera pa ndalama, ndipo sindinadabwe. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, munthu akamva za ulendo wakunja amayamba wausa moyo. Tinakambirana za mapasipoti, za kalata ya chilolezo yoti kholo lililonse lisayine, za komwe tingasinthe ndalama. Mayi wina anafunsa ngati mwana wake angakamugulireko zitenje ku msika wa Kariakoo ku Dar es Salaam. Anthu anaseka, koma ndinaona amayi ena akunong'onezana mitengo. Nthawi yotsalayo inathera pa kamba wa panjira. Nditakweza mkono kufunsa za chilankhulo, bambo wina anandidula pakamwa: "Achimwene, ana athuwa Chingerezi amachitha. Komanso Chiswahilitu n'Chichewa chomwe, kungosiyana katchulidwe."

Sindinawakwiyire, chifukwa nanenso ndinkaganiza choncho mpaka tsiku limene ndinagona ku Mbeya kawiri ndi tikiti imodzi. Ndinali nditawoloka pa Songwe masana, n'kufika mu Mbeya kukuda. Mnyamata wogulitsa matikiti a basi ya ku Dar anati, "Saa kumi na mbili asubuhi." Kumi ndi khumi, mbili ndi ziwiri, ndinamva bwino lomwe. Ndinadzitama mumtima kuti Chiswahili n'chosavuta. M'mawa ndinasamba mosathamanga, ndinamwa tiyi wa mkaka ndi chapati, n'kufika pa depoti dzuwa lili pamutu. Basi inali itapita kalekale, mwina itayandikira Iringa. Safunsa anadya phula, ine ndinadya tikiti.

Aswahili amayamba kuwerenga maola dzuwa likatuluka. Imene ife timati 7 koloko m'mawa, kwa iwo ndi saa moja, ola loyamba la tsiku. 12 koloko masana ndi saa sita. Choncho saa kumi na mbili ya m'mawa ndi 6 koloko. Njira yachidule ndi kuyang'ana pa wotchi ya mivi: nambala imene akuuzayo, iwe tenga yoyang'anizana nayo. Onjezanipo kuti mukangowoloka mlatho wa Songwe, wotchi ya ku Tanzania ili patsogolo ndi ola limodzi. Mphunzitsi wotsogolera ana makumi atatu akaphonya ziwirizi, ndalama zonse zimene tinakangana pansi pa mango zija zidzathera pa malo ogona.

Bambo aja sananame kotheratu. Nyumba ndi nyumba, nyama ndi nyama, madzi ndi maji, mvula ndi mvua. Mawu ena tinachita kubwereka kwa iwo: bwana, ndege, ngakhale odi wathu wa pakhomo ndi hodi wawo. Koma kufanana kumeneku ndiye msampha, chifukwa munthu umaleka kutchera khutu. Moyo kwa iwo ndi mtima. Kupita ndi kudutsa. Kuomba si m'manja ayi, ndi kupempha, ndipo mwana wofuna madzi mu shopu ayambe ndi naomba maji, osangoloza ndi chala. Mwana wa Chitumbuka adzadabwa kumva mtsikana akutchedwa dada, poti kwa Aswahili dada ndi mchemwali. Ndiye pali liwu limene ndikuopa kwambiri. Gogo wamkazi, kapena mayi wolemekezeka, amamutcha bibi. Mumzinda wa Dar es Salaam muli msewu waukulu wa Bibi Titi Mohamed, mayi amene anamenyera ufulu wa Tanganyika pamodzi ndi Julius Nyerere. Ana a Fomu 3 ndimawadziwa ine. Asekeretu konkuno, chiseko chithere pa Kamuzu Road, asakachite manyazi pamaso pa eni dziko.

Za Chingerezi, tisadzinamize. M'sukulu za pulayimale za boma ku Tanzania ana amaphunzira m'Chiswahili, ndipo kondakitala wa daladala, minibasi ya kumeneko, mayi wogulitsa ugali ndi dagaa, amene ndi nsima ndi usipa basi, sadzavutika n'kukusinthira chilankhulo. Chimene chimatsegula nkhope zawo ndi moni. Wamng'ono akakumana ndi wamkulu amati shikamoo, wamkuluyo n'kuyankha marahaba. Ana athu ulemu anaphunzira kale, amadziwa kunjuta ndi kulandira ndi manja awiri. Akungosowa mawu oti aukulungiremo ulemuwo.

Akuluakulu analankhulapo kale za nkhaniyi. SADC inavomereza Chiswahili kukhala chilankhulo chake chogwirira ntchito mu 2019, UNESCO inapatula 7 Julayi kukhala tsiku lachilankhulochi, ndipo mu Julayi 2023, pulezidenti wa Tanzania Samia Suluhu Hassan atabwera kudzacheza kuno, pulezidenti wathu wa nthawiyo Lazarus Chakwera ananena kuti Chiswahili chilowe m'sukulu zathu. Zabwino zonsezo, koma ife tili ndi masabata owerengeka, sitingadikire silabasi. Aphunzitsi tili nawo kale mumsika wa Salima: amayi a geni amene amakapikula katundu ku Kariakoo, madalaivala a mathanki a mafuta, ndi madoda ena a ku mzikiti. Mmodzi mwa amenewa atapatsidwa choko Lachisanu lililonse masana, ana angadziwe kupereka moni, kufunsa mtengo, kunenerera, kuwerenga ndalama ndi kunena kuti ndasochera.

Pali kukonzekera kwina kumene ndinapempha, ndipo apa mpamene ndinaumirira. Ana asanapite ku Bagamoyo, ayambe apita ku Nkhotakota. Ndi pafupi, pa msewu wa M5 womwe adzadutse, ulendo wopita m'mawa n'kubwera madzulo. Kumeneko m'zaka za m'ma 1840 kunakhazikika Mswahili wina, Salim bin Abdallah, amene tonse timamudziwa kuti Jumbe. Iye ndi omutsatira ankasonkhanitsa minyanga ya njovu ndi anthu, n'kuwawolotsa nyanja yathu yomweyi pa zombo zamatanga, kenaka ulendo wapansi wa miyezi mpaka ku Kilwa, kugombe la nyanja yamchere. Ambiri anathera pa msika wa akapolo ku Zanzibar, umene unatsekedwa mu 1873 ndipo pamalo pake panamangidwa tchalitchi cha Anglican. Mtengo umene David Livingstone anakumanirana ndi Jumbe ukusonyezedwabe ku Nkhotakota.

Mwana amene waima pansi pa mtengo umenewo akakalowa m'zipinda zapansi za pa msika wa akapolo uja ku Zanzibar sadzathamangira kujambula selfie. Adzadziwa kuti ena mwa anthu amene anadutsa pa msika umenewo ankalankhula ngati agogo ake. Ku Bagamoyo akamuuza kuti mtembo wa Livingstone unafikira pamenepo mu 1874, atautenga pamapewa kuchokera kwa Chitambo ku Zambia, adzakumbuka kuti mmodzi mwa otsogolera ulendowo, James Chuma, anali Myao amene anamasulidwa mu ukapolo kuno kwathu mu 1861 ali kamnyamata. Ndipo wina akamutcha Mnyasa, monga Amalawi amatchedwera ku Dar, asaone ngati chipongwe. Dzinalo ndi lakale kuposa pasipoti imene ili m'thumba mwake.

Chenjezo limodzi lokha pa dzina lomwelo: nyanja imene ife timati ya Malawi, iwo amati Ziwa Nyasa, ndipo mkangano wa malire a m'madzi sunathe. Ana asakauyambitse m'basi. Mlendo satsutsana ndi mwini mphasa, makamaka ulendo wake ukadali makilomita oposa 800.

Zina n'zazing'ono. Majumbo asiye kunyumba, Tanzania inaletsa matumba apulasitiki onyamulira katundu kuyambira Juni 2019. Juzi atenge, chifukwa mwana wokulira m'chifundizi cha Senga Bay adzanjenjemera ku Tukuyu ndi ku Mbeya. Atsikana asaiwale chitenje, anyamata buluku lalitali, poti Zanzibar ndi dera la Asilamu, ndipo izi mwana wa ku Salima safunika kumulongosolera kawiri. Podutsa m'nkhalango ya Mikumi akhale maso pa windo, msewu umang'amba pakati pa nyama.

Makolo anavomera za ku Nkhotakota atamva kuti mtengo wake ndi wa minibasi chabe. Za Lachisanu masana a hedi anati akaganizire. Ine sindinadikire. Dzulo madzulo mwana wa mlongo wanga anabwera kudzatenga ndalama ya zithunzi za pasipoti, n'kugwada pakhomo.

"Shikamoo, amalume."

"Marahaba. Mawa ubwere saa mbili, tikajambulitse."

Anawerenga zala, n'kuyang'ana wotchi ya pakhoma. Lero 8 koloko ili pafupi kukwana, ndamva odi panja.