Mawu a Mkonzi: Chikho cha Petro de Luanda sichidabwere mwangozi

Mwezi uno tisiye kaye za mapepala ndi mtengo wa randi, tikambe za basketball. Ambiri a ife okhala ku Gauteng sitidadziwe n'komwe kuti mu Malichi 2024 mpikisano waukulu wa matimu a mu Africa, Basketball Africa League, udayambira pakhomo pathu penipeni, mu SunBet Arena ku Pretoria. Kadali koyamba kuti BAL ifike ku South Africa chiyambire masewero ake mu 2021, NBA ndi FIBA ataikhazikitsa. Tidali kalikiliki ndi mpira wa miyendo wa Chiefs ndi Pirates, monga mwa masiku onse.

Ku Pretoria kudakumana matimu anayi: Cape Town Tigers, FUS Rabat ya ku Morocco, Petro de Luanda ya ku Angola ndi Dynamo ya ku Burundi. Ya Dynamo ndi nkhani yomvetsa chisoni. Pa jezi iliyonse ya mpikisanowu padali mawu otsatsa malonda akuti Visit Rwanda, pamene dziko la Burundi lidali litatseka malire ake ndi Rwanda mu Januwale chaka chomwecho. Anyamata adalowa m'bwalo atamata tepi pa mawuwo, nagonjetsa Tigers pamaso pa ochemerera ake. Akuluakulu a BAL adati tepiyo ichoke, a kwawo adati isachoke. Timu idalephera kusewera masewero awiri otsatira ndipo idachotsedwa. Osewera amene adakhetsa thukuta m'ndime yachipulula adakwera ndege kubwerera kwawo chifukwa cha mkangano umene sadauyambe iwo.

Nayo Petro sidayambe bwino. Idagonja kawiri ku Pretoria, ndipo mphunzitsi wake José Neto adachotsedwa ntchito mpikisano uli pakati. M'malo mwake mudalowa Sergio Valdeolmillos wa ku Spain. Ambiri adati yatha. Koma itafika ku Kigali idakwawa mpaka kutulutsa Tigers mu semifainolo, ndipo pa 1 Juni mu BK Arena idakwapula Al Ahly Ly ya ku Benghazi 107 kwa 94. Zikho zitatu zoyamba zidapita kumpoto, kwa Zamalek, US Monastir ndi Al Ahly ya ku Cairo. Ichi chidali choyamba kutsikira kuno kumwera kwa Sahara.

Tayang'anani njira imene timuyi idayenda. Mu 2021 idathera pa nambala 3. Mu 2022 idagonja mu fainolo. Mu 2023 idatsikira pa nambala 4. Kwathu timu yotere tikadaibalalitsa kalekale, komiti titaithamangitsa, wothandiza ndi ndalama atathawa. A ku Luanda adasintha mphunzitsi koma msana wa timu adausiya: mkulu Carlos Morais, amene tsitsi lidayamba kuyera ali m'bwalo, ndi anzake odziwana kuyambira mu ligi ya kwawo. Kumbuyo kwawo kuli kampani ya mafuta ya boma, Sonangol, imene siipereka lero n'kuiwala mawa. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha, komano kudekha kwa timu kumafuna malipiro a mwezi ndi mwezi.

Wosewera wopambana onse chaka chimenecho, Jo Lual-Acuil wa Al Ahly Ly, ndi mwana wa kunja ngati ana athuwa: adabadwira ku South Sudan, adakulira ku Australia. Winanso, Khaman Maluach, amene adasewerera City Oilers ya ku Uganda ali ndi zaka 17, adapita ku Duke ndipo mu 2025 adasankhidwa pa nambala 10 kulowa NBA. Makolo amene mumakalipira mnyamata wanu wamtali uja kuti akutaya nthawi pa bwalo la sukulu, mwamva.

Nanga ife? Bravehearts ya ku Lilongwe yakhala ikupita ku ndime yachipulula, Road to BAL, monganso Matero Magic ya ku Lusaka. Kuti timu ngati imeneyi ifike kumene kuli masewero pamafunika matikiti a anthu oposa khumi, malo ogona, chakudya, nsapato. Ife a kunja timadziwa kusonkha pa maliro, ndipo timachita bwino ndithu. Pa zamasewero timatumiza chikwama cha majezi kamodzi, kujambulitsa, kuika pa Facebook, basi kwatha. Jezi siilipira basi.

Maganizo a nyuzi ino ndi akuti tisankhe timu imodzi ya achinyamata kumudzi, ya anyamata kapena ya atsikana, tiziitumizira kangachepe mwezi ndi mwezi kwa zaka zitatu, msungichuma azitiwerengera poyera zimene zalowa ndi zimene zatuluka. Nkhaniyi ili pa mndandanda wa zokambirana pa msonkhano wathu ukubwerawu. Amene muli ndi timu m'maganizo, bwerani ndi dzina lake komanso la munthu amene angasunge ndalama kumeneko.