Mkwiyo pachiwongolero utimaliza

Sabata yatha ndidakwera minibasi yochokera ku Limbe kupita ku Luchenza. Zomwe ndidaona tisanafike pamphambano yolowera ku Khonjeni ndizo zandichititsa kuti lero tikambirane nkhani ya mkwiyo wa pamsewu.

Kutsogolo kwathu kudali thirakitala yokoka ngolo yodzaza ndi masamba a tiyi. Dalaivala wathu adayamba ndi hutala. Hutala itakanika, adatulutsa mutu pawindo nayamba kulakatula mawu oti sitingawalembe m'nyuzipepala muno. Kenaka adaganiza zodutsa pakona, osaona kutsogolo, ndipo tidangoti gululu ndi mnyamata wa kabaza ya njinga yamoto atanyamula mayi wa khanda kumsana. Mnyamatayo adathawira kumbali kwa msewu ndipo palibe adavulala. Koma m'malo mopepesa, dalaivala ndi kondakitala wake adatsika kukafuna ndewu. Tidataya mphindi zoposa 10 pamenepo, anthu akuleretsa.

Tiyeni tiwerengere limodzi, abale anzanga. Thirakitala ikamayenda makilomita 20 pa ola, kuitsatira mtunda wa kilomita imodzi kumadya mphindi 3. Minibasi yothamanga makilomita 60 pa ola imadutsa mtunda womwewo pamphindi imodzi. Ndiye kuti mkuluyu adafuna kupereka moyo wa mayi, mwana ndi ife tonse chifukwa cha mphindi 2 basi. Akuluakulu adati fulumira adadya gaga.

Aliyense wodziwa msewu wa M2, wochoka ku Limbe kudzera ku Bvumbwe, Thyolo ndi Luchenza mpaka ku Mulanje ndi kuchipata cha Muloza, akudziwa kuti ndi wa zitunda ndi makona. M'miyezi ya Juni ndi Julayi chiperoni chikatsika, galimoto ya patsogolo pako umayiona utaifika kale. Msewu womwewo ndi wa malole, wa njinga zonyamula nthochi ndi makala, wa ana a sukulu, ndiponso wa anthu othyola tiyi amene amalawira m'bandakucha. Nayenso wa thirakitala sakuyenda mwamatama. Masamba akathyoledwa ayenera kufika kufakitale asanawonongeke, ndipo chombo chakecho liwiro lake ndi lomwelo.

Kunena zoona, dalaivala wa minibasi naye ali pamoto. Mwini galimoto amafuna ndalama yake yatsiku ikwane, mafuta akwere asakwere. Munthu wotere amadzuka ali wokwiya kale, ndipo aliyense womuchedwetsa amamuona ngati akumulanda nsima pakamwa. Eni maminibasi asamanamizire kudabwa galimoto yawo ikagona m'ngalande. Ifenso okwera tili ndi mbali yathu. Ndi kangati tamva munthu akukuwa kumpando wakumbuyo kuti "adalaivala tapondani, tachedwa"?

Koma pali mkwiyo wina umene ukundidetsa nkhawa kwambiri, ndiwo wa ife oyenda pansi. M'dziko muno zafika poti galimoto ikagunda munthu, khamu limathamangira miyala ndi machesi wovulala ali chigonere pamsewu. Zotsatira zake tonse tikuzidziwa: madalaivala ambiri saimanso. Lamulo la pamsewu la 1997 limati wochita ngozi aime ndi kuthandiza ovulala, koma ndani angaime akudziwa kuti akamenyedwa mwina mpaka kufa? Amathawira kupolisi, ena amathawiratu. Tsono galimoto yomwe ikadathamangira ndi m'bale wathu kuchipatala cha boma ku Thyolo, yapita kapena taitentha tokha. Kodi pamenepa tapindulanji? Mlandu wa dalaivala wosasamala ukazengedwe kukhoti, ndipo mboni zake ndi ife tomwe.

Ndikupempha mafumu a ku Khonjeni ndi madera ozungulira kuti nkhaniyi aziinena pamaliro ndi pamisonkhano, osadikira kuti ngozi ichitike kaye. Apolisi a pamsewu nawo asamangokhalira kuona mapepala pamalo amodzi odziwika. Azioneka m'makona momwe anthu amapitirirana mosaona, ndipo dandaulo la wokwera minibasi azilitenga ngati dandaulo.

Kwa inu madalaivala, wina akakudulirani kutsogolo, musiyeni apite. Akatukwana, musamuyankhe ndipo musatsike m'galimoto. Siyani mpata wokwanira pakati pa inu ndi galimoto ya patsogolo, makamaka kukakhala nkhungu kapena mvula. Mtima ukawawa kwambiri, imani pambali kaye mpaka manja asiye kunjenjemera. Ngati mwaona woyendetsa moopseza miyoyo, lembani nambala ya galimoto yake mukaipereke kupolisi.

Ine nambala ya minibasi ija ndidailemba kuseri kwa chikhatho, ndipo nditatsika pa Luchenza ndidakaipereka. Mwa anthu onse tidali m'galimotomo, amene adavomera kundiperekeza kukachitira umboni adali gogo mmodzi yekha.