ZA PAKHOMO PATHU: Oyilo woyenera galimoto wanu

Mwezi uno tifuna kucheza nanu za chinthu chooneka chaching'ono, koma chokhoza kugwetsa banja m'ngongole. Kuno ku Thyolo, kumene minda ya tiyi yonga Satemwa idayamba kale m'chaka cha 1923, galimoto wa pikapu sali wa eni esiteti okha ai. Mabanja ena a m'midzi adamgula ndi thukuta la zaka zambiri. Ndiye anyamula feteleza ndi nkhuni, ndiye atengera ndiwo za ku Bvumbwe kunka nazo ku Limbe, ndiyenso athamangira ndi wodwala ku chipatala pakati pa usiku. Injini yache ikafa, mudzi wonse umva kuwawa. Tsono moyo wa injiniyo uli mu oyilo.

M'kati mwa injini muli zitsulo zimene zikhulana kosalekeza. Oyilo alowa pakati pa izo kuti zisadyane, natenganso kutentha ndi mwaye. Koma taonani, khalidwe lache lifanana ndi la uchi: m'mawa mozizira alimba nayenda pang'onopang'ono, ndipo akatentha asanduka wamadzimadzi. Akalimba koposa, achedwa kufika ku zitsulo pamene muliza injini. Akasungunuka koposa, athawa pakati pa zitsulo, ndipo izo zikumana zouma.

Chifukwa chache pa chigubu alembapo manambala, monga 15W-40 kapena 5W-30. Muyeso umenewu udachokera ku bungwe la akatswiri a galimoto la ku America lotchedwa SAE, limene lidayamba kuika oyilo m'magulu m'chaka cha 1911. Nambala yoyamba, ya chilembo W, inena za kuyenda kwa oyilo pozizira: ikachepa, oyilo afulumira m'mawa. Yachiwiri inena za kulimba kwache atatentha madigiri 100, ndiko kutentha kumene madzi awira: ikakula, oyilo akhalabe wolimba pamoto.

Tiyeni tilingalire dziko lathu. Inde, m'miyezi ya Juni ndi Julaye chiperoni chiphimba mapiri, ndipo otchola tiyi anjenjemera. Koma kuzizira kwathu sikufika pa kwa ku Ulaya, pakuti oyilo wa 15W amuyesa pa madigiri 20 kunsi kwa pamene madzi aundana. Chotero nambala yoyamba siitivuta kwambiri. Mayeso akulu a galimoto wathu ndiwo kutentha. Ganizani pikapu wotsikira ku chigwa cha Shire mwezi wa Okutobala, nabwerera chokwera mtunda atasenza matumba, injini ili kulira pa giya wamng'ono. Pamenepo nambala yachiwiri ndiyo igwira ntchito.

Apa mpamene ambiri asokera. Anena mumtima mwao, ngati dziko lathu litentha, tigule wolimba koposa onse. Ena atapa oyilo ndi zala, nati, uyu ndiye wamphamvu chifukwa ananda. Abale, zala sizidziwa chimene chichitika m'injini yotentha. Wodziwa ndiye amene adaipanga, ndipo adalemba mau ache m'buku la galimoto. Mapikapu akale a dizilo, onga Toyota Hilux ndi Isuzu a zaka zapitazo, mabuku ao ambiri alola 15W-40, ndipo iye akwanira nyengo zathu zonse. Koma injini zatsopano zili ndi tinjira topapatiza ta oyilo, ndipo zambiri zifuna wopepuka, monga 5W-30. Mukathira 20W-50 m'injini yotere, oyilo achedwa kufika kumene afunika, ndipo dizilo apita wambiri. Momwemonso kuthira wopepuka m'injini imene buku lache liitana 40 kuli kuisiya yosatetezeka pa chitunda.

Nanga galimoto wokalamba, wofuka utsi wobiriwira ndi kumwa oyilo? Oyilo wolimba akhoza kuchepetsa utsi masiku owerengeka, koma sachiza nthenda. Ali ngati nsaru yophimba chilonda. Galimoto wotere apite kwa makaniko wokhulupirika. Ndipo ngati mudagula galimoto wopanda buku, funsani ogulitsa mtundu umenewo, muwauze chaka chache ndi nambala ya injini. Akulu adati safunsa adadya phula.

Yang'aninso zilembo zotsata mau akuti API pa chigubu. Zoyamba ndi C zili za injini ya dizilo, zoyamba ndi S zili za injini ya petulo. Gulani chigubu chomata bwino pakamwa. Oyilo wa m'mabotolo osalembedwa, ngakhale atsike mtengo, simudziwa nambala yache, ndipo mwina ali wotsala m'injini ya munthu wina. Ndalama zimene mupulumutsa lero sizidzafika ngakhale pang'ono pa mtengo wokonzetsa injini.

Misewu ya m'minda ya tiyi ili ya fumbi m'chilimwe ndi matope m'dzinja, ndipo oyilo ada msanga. Mabuku ambiri a mapikapu akale a dizilo alangiza kusintha pa makilomita 5,000. Sinthani pamodzi ndi sefa yache. M'mawa, musanalize injini, galimoto ali pamalo osatsetsereka, solani kachitsulo koyezera, muone ngati oyilo ali pakati pa mizere iwiri. Ndipo nyali yofiira ya oyilo ikayaka muli paulendo, imani pomwepo, muzime injini, ngakhale kwanu kuli pafupi.

Inu amai, nkhani iyi ili yanunso, pakuti ndalama zogulira oyilo zituluka m'thumba limodzi ndi za sukulu ya ana. Lembani nambala yoyenera ndi tsiku losintha m'kabuku, mukasunge m'galimoto, kuti mnyamata amene mumtuma ku sitolo asabwere ndi china. Tsalani bwino, tidzachezanso mwezi wa mawa.