Mlendo akafika ku Zomba njala itamugwira, timutengere kuti?

Mwezi wathawu mnzanga wa ku Area 25 ananditumizira uthenga pa WhatsApp: "Amwene, Loweruka tikubwera anthu anayi, tikufuna tikwere phiri, nde utipezere podyera pabwino koma posaboola mthumba." Ndinayankha msanga kuti zimenezo n'zazing'ono, Zomba ndi kwathu. Nditayika foni pansi m'pamene ndinazindikira kuti yankho lenileni ndilibe. Malo odyera alipo, eya, koma "pabwino" ndi "posaboola mthumba" kuno sizikhala nyumba imodzi.

Funso limeneli limabwera chaka ndi chaka. Limabwera pa nthawi ya graduation ku Great Hall, pamene makolo amadzaza tauni ndi magalimoto obwereka. Limabwera pa Khirisimasi, limabweranso miyezi yozizira pamene anthu a ku Blantyre amathawira kuno kudzajambulitsa pa Mulunguzi Dam atavala majekete. Ndipo nthawi zonse timayankha mofanana: ngati uli ndi ndalama kwera kumtunda, ngati ulibe tsikira kumsika. Pakati apa, pomwe pali anthu ambiri ngati ine ndi inu, m'pomwe pali bwinja.

Tiyambe ndi kumtunda. Aliyense amadziwa Sunbird Ku Chawe, hotela yomwe ili m'mphepete mwenimweni mwa phiri. Ukakhala panja paja kunja kutayera, umaona chigwa chonse mpaka phiri la Mulanje chapatali uko. M'munsi mwake, m'mbali mwa msewu wokhotakhota wokwera phiri uja komanso m'dera la nyumba zakale za atsamunda, muli malo ena ogona alendo omwe amaphika pizza, pasta, khofi ndi makeke. Muli Masongola, nyumba yakale ya m'zaka za m'ma 1880 yomwe idakhalako akuluakulu a boma la atsamunda. Malo amenewa sindikuwanyoza ayi. Amalemba ntchito achinyamata a kuno, amalipira misonkho, ndipo mlendo wochokera ku Germany kapena ku Johannesburg akafika amapeza chimbudzi choyera, madzi osamba m'manja ndi menyu yolembedwa mitengo. Koma tivomereze, kasitomala amene amamuganizira si wophunzira wa ku Chikanda kapena mphunzitsi wa ku Matawale. Ndalama ya chakudya cha munthu mmodzi kumeneko, ine ndimadyera masiku angapo kumsika n'kutsalanso ya kabaza.

Chifukwa chake si dyera lokha. Zambiri zimene amaphikira zimachokera kunja: tchizi, mafuta a olivi, vinyo, ufa wa tirigu. Kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, chilichonse chodutsa pa Mwanza kapena pa Dedza chinakwera mtengo. Onjezerani dizilo wa jenereta magetsi akathima, VAT, ndi kandalama ka tourism levy kamene kamalembedwa pansi pa bilu. Kwa mlendo wobwera ndi madola, kugwa kwa kwacha kunapangitsa Zomba kutchipa. Kwa ife olandira makwacha, phiri lomwelo linangotalikirako.

Tsopano tsikani nane kumsika waukulu ndi kudepoti. Kuno n'kumene Zomba amadya. Nsima ya mgaiwa kapena ya ufa woyera, nyemba, nkhuku ya lokolo, mang'ina, nkhwani wotendera, chisoso nthawi yake ikakwana. Mpunga wolimidwa m'madambo a kufupi ndi nyanja ya Chilwa, cha ku Domasi ndi ku Likangala. Matemba, makumba ndi milamba yowamba yochokera ku Kachulu. Madzulo chiwaya chimayaka pa Chinamwali, pa Matawale, pa Mpondabwino: tchipisi, kanyenya wa mbuzi, soseji, kabichi wothira tsabola wa kambuzi woti ukadya umayamba kuyankhula Chiyao osachiphunzira. Kunena za kukoma, ndikuuzeni, mayi wina amene amaphika kuseri kwa msika amawaposa ophika ambiri ovala zipewa zoyera. Ndakhala ndikudya kwa iye kuyambira ndili pasukulu ndipo sanandidwalitsepo.

Koma mawu akuti "sanandidwalitsepo" ndi anga, ndipo ndawapeza patapita zaka. Mlendo wa tsiku limodzi alibe zaka zimenezo. Iye amaona zimene maso akuona: beseni limodzi la madzi osambira m'manja anthu khumi, ngalande yotsekeka pafupi ndi mbaula, ntchentche, chimbudzi cholipira chomwe kiyi wake ali ndi munthu amene "wangotuluka pang'ono". Tonse tikukumbukira kolera ya 2022 mpaka 2023, yomwe inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Kuyambira nthawi imeneyo ngakhale Amalawi anzathu ochokera m'mizinda ina amayamba ayang'ana kaye pomwe mbale zikutsukidwira asanakhale pabenchi. Sindingawadzudzule.

Chimene chimandiwawa n'chakuti Zomba si tauni yosowa madzi. Madzi a m'mipopi yathu amachokera pa Mulunguzi, pamwamba pa phiri pomwepa, ndipo amatsika okha. Kuti mayi wophika nsima azitunga madzi m'chigubu kuchokera kutali pomwe damu lili pamwamba pa mutu wake, limenelo si vuto la chilengedwe. Ndi nkhani ya amene amatolera ndalama za ziphaso tsiku ndi tsiku, ndi zimene ndalamazo zimabwerera kudzachita. Wogulitsa aliyense mumsika amadula tikiti. Funso loti tizifunsa makhansala athu, makamaka akabwera kudzapempha mavoti, ndi losavuta: pa tikiti imeneyi, ndi zingati zimapita ku mpopi, ku chimbudzi ndi kochotsa zinyalala pamalo ophikira?

Anzanga aja atafika, ndinayesa njira yapakati. Ndinawatengera pa lesitilanti ina m'tauni, dzina ndisatchule, yomwe pa Facebook zithunzi zake zimaoneka bho kwambiri. Menyu inali ya masamba anayi. Tinaitanitsa chambo, akuti chatha. Nkhuku ya lokolo, akuti ikubwera. Tinafunsa kuti nanga chilipo n'chiyani, mtsikana wotumikirayo anapita kukhitchini n'kubwerako ndi yankho loti tchipisi ndi nkhuku ya chizungu. Tinadikira pafupifupi ola lathunthu. Pobwera bilu, mitengo inali yosiyana ndi ya pamenyu, ati menyuyo ndi yakale. Mnzanga anangoseka n'kunena kuti, "Nde tchipisi yomweyi tachokera nayo ku Lilongwe?" Ndinachita manyazi ngati lesitilantiyo ndi ya bambo anga.

Mtsikana uja sindimuimba mlandu, mwina malipiro ake sakwana n'komwe thumba la chimanga. Mwini wakenso ndimamumvetsa pang'ono. Kusunga nsomba mufiriji magetsi akuthimathima n'kutaya ndalama, ndipo makasitomala a m'tauni muno amabwera mwa nyengo. Yunivesite ikatseka, theka la mabizinesi limagona. Chichokereni likulu kupita ku Lilongwe mu 1975, kenako Nyumba ya Malamulo n'kutsatira pambuyo pa 1994, Zomba wakhala akudalira ophunzira, asilikali a ku Cobbe Barracks, apolisi, ogwira ntchito m'boma ndi anthu a misonkhano ya mabungwe. Amenewa amafuna chakudya chokhutitsa, chachangu, chotchipa. Nde aliyense wotsegula lesitilanti amakopera mnzake: tchipisi, nkhuku, mpunga, bifi. Palibe amene amafuna kuyika ndalama zake pa chinthu chatsopano.

Komatu chatsopanocho si chatsopano n'komwe, chili kale m'manja mwathu. Kwerani phiri m'nyengo yake muone anyamata ndi amayi atanyamula timabasiketi ta sitiroberi, mabulosi ndi magalagadeya m'mbali mwa msewu, akuthamangira galimoto iliyonse. Zipatso zimenezi m'mashopu akuluakulu a ku Blantyre zimagulitsidwa ngati golide. Kuno zikapanda kugulidwa pofika madzulo zimayamba kufewa, mawa lake n'zotaya. M'tauni yonseyi ndi malo angati a Mmalawi wamba omwe mungakhale pansi n'kumwa juwisi wa zipatso za m'phiri lathu lomweli? Ndi angati omwe amalemba monyadira pa bolodi kuti lero kuli matemba otendera a ku Chilwa, futali, kalongonda, thobwa lozizira? Timabisa zakudya zimenezi ngati zochititsa manyazi, n'kumapatsa mlendo tchipisi yomwe angaipeze paliponse padziko lapansi. Munthu wayenda ulendo wautali kudzaona Chingwe's Hole, Williams Falls ndi Emperor's View, pomwe Haile Selassie adaima mu 1965, ndiye ife tikuganiza kuti akufuna soseji ya mufiriji?

Pali mbali ina yomwe sitiikonda kuikamba tikamatafuna kanyenya. Pafupifupi chiwaya chilichonse ndi mbaula iliyonse m'tauni muno zimayaka ndi makala kapena nkhuni, ndipo tonse timawaona anthu akutsika phiri m'mawa atasenza mitolo. Amene anakwera phirili zaka khumi zapitazo akabweranso lero amadabwa ndi malo omwe ayera mbee, mitengo ya paini itadulidwa, kwina kutapsa ndi moto wolusa. Nyanja ya Chilwa nayo idaphwa mu 1995 n'kudzaphwanso kwambiri mu 2018, ndipo mitsinje yoithira madzi, monga Likangala ndi Domasi, imayambira m'mapiri omwewa. Ndiye kuti mbale ya nsima ndi matemba imene ndikuitamayi imadalira phiri kawiri: moto wophikira ndi madzi a nsombazo. Gasi akanathandiza, koma uzani mayi wa kumsika agule silinda pomwe phindu lake la tsiku limathera pa ufa ndi mafuta ophikira a mawa, akuyang'anani ngati mwapenga.

Boma lakhala likutchula zokopa alendo limodzi ndi ulimi ndi migodi ngati nsanamira za chuma. Zabwino. Koma mlendo sagona m'ndondomeko, ndipo sadya mapulani. Amadya katatu patsiku, ndipo ndalama ya chakudya ndi imene imafika msanga m'manja mwa anthu wamba kuposa ya chipinda cha hotela: kwa mlimi wa tomato, msodzi wa ku Kachulu, wakabaza wonyamula katundu, mtsikana wotsuka mbale. Mlendo akadyera kumtunda kokha, kapena akabwera ndi cooler box yake kuchokera ku Blantyre, monga ambiri achitira masiku ano, ife timatsala ndi mabotolo apulasitiki m'mbali mwa damu basi.

Ifenso a mafonife tili ndi gawo lathu. Timajambula kapu ya khofi pakhonde la hotela n'kuika pa Instagram, koma kwa mayi amene amatidyetsa mwezi wonse ngongole sitinamujambulepo. Malo ambiri abwino a m'tauni muno sapezeka pa Google Maps, alibe nambala yolembedwa pena paliponse, ena alibe ngakhale dzina pakhomo. Mlendo akafufuza pafoni kuti adye kuti ku Zomba, amangoona malo omwewo ochepa a kumtunda. Kuika malo pa mapu n'kwaulere, kumangofuna bandulo ndi chilolezo cha mwini wake.

Nanga anzanga aja zinatha bwanji? Lamlungu m'mawa ndinasiya zofuna kuwasangalatsa ndi malo owala. Tinakwera wapansi kudzera Potato Path, tinagula sitiroberi kwa mnyamata wina pamwamba, tinatsuka ndi madzi a m'botolo n'kudyera pamwala. Potsika, miyendo ikunjenjemera, ndinawalowetsa kuseri kwa msika kwa mayi uja. Ndinali nditamuimbira dzulo lake kuti asunge nkhuku ya lokolo ndi matemba, ndipo sopo ndi madzi osamba m'manja ndinabwera nazo ndekha m'chikwama. Anadya mpaka kupempha nsima yowonjezera. Pochoka, mmodzi anafunsa mayiwo dzina la malowo kuti akauze anzake ku Lilongwe. Mayi anaseka n'kuloza ine: "Mukabwera mudzangomufunsa ameneyu."