Sipeya wa boti si kaunjika wa malaya, tisamagule mwachimbulimbuli

Anzanga a geni ndi madalaivala amene mumafika kumadoko a Durban, Richards Bay ndi Cape Town, ambiri mwaiona kale misika ya zida zakale za maboti, ija ena amaitcha boat jumble. Eni maboti amayala pansi mapulopela, makabuleta, magiyabokosi, matanki ndi zingwe, mitengo yake yotsika moti mutu umayamba kuwerengera phindu la ku Mangochi, Senga Bay, Nkhata Bay, Mpulungu kapena Kariba. Geni imeneyi ndi yabwino, chifukwa chitsulo chenicheni cha ku Japan chomwe chagwirako ntchito nthawi zambiri chimaposa chatsopano chachinyengo. Koma maganizo anga ndi akuti amene sakudziwa injini ya kasitomala wake asagule kanthu, ngakhale mtengo utatsika bwanji. Malaya akakhala aakulu munthu amapinda manja n'kuvala. Injini ikazima pakati pa nyanja usiku, mwera uli pakati, anthu sabwerera kwawo.

Msampha woyamba ndi kukula kwa injini. Maboti ambiri a ku South Africa ndi osangalalira ndi ophera nsomba m'nyanja yamchere, ndipo amayendera injini zikuluzikulu. Asodzi a usipa kwathu amadalira kwambiri Yamaha Enduro ya 15 kapena 40, ya thusitiroko. Ndiye katundu wambiri amene wayalidwa pamsikapo si wa msika wathu. Musananyamuke, uzani kasitomala ajambule kachitsulo ka manambala kamene kali pa chomangira injini ku boti, akutumizireni pa WhatsApp. Manambala a sipeya wa Yamaha amayamba ndi zilembo zosonyeza mtundu wa injini, mwachitsanzo 6B4 ndi ya E15D, 66T ndi ya E40X. Funsaninso ngati mwendo wa injiniyo ndi waufupi, wa mainchesi 15, kapena wautali, wa mainchesi 20. Pa pulopela werengani manambala olembedwa pamenepo ndiponso mano a m'kati polowa shafiti. Kusiyana dzino limodzi, pulopelayo yasanduka chokongoletsa m'nyumba. Safunsa anadya phula.

Msampha wachiwiri ndi mchere. Nyanja zathu ndi za madzi abwino, pamene zida za ku Durban zakhala m'madzi amchere zaka ndi zaka. Mchere umadya aluminiyamu m'kati, kunja penti ili phee. Mukaona ufa woyera, penti yotupa ngati matuza, kapena mabawuti okana sipanala, dziwani kuti njira za madzi oziziritsa injini nazonso zadyeka. Yendani ndi sipanala, sikuludiraiva ndi tochi m'chikwama. Pa giyabokosi pemphani kumasula kabawuti kothirira oyilo: akatuluka woyererako ngati tiyi wamkaka ndiye kuti madzi akulowa, ndipo mukaona tizitsulo tonyezimira ndiye kuti magiya akudyana. Zunguzani shafiti ndi dzanja, muone ngati sikugwedera. Injini yathunthu musaigule osailiza m'mgolo wa madzi, muone ngati ikulavula madzi bwino kumbuyo. Wogulitsa akakana kuti muyese, wakuuzani kale zonse.

Pali zinthu zina zimene sitiyenera kugula zakale ngakhale atatipatsa ulere: kampira kopopa madzi kaja amati impela, masilo, magasiketi, mapulagi ndi paipi ya petulo. Labala amauma ndi kung'aluka pongokhala. Impela ikathyoka mapiko injini imatentha mpaka kugwirana, ndipo msodzi amataya injini yonse chifukwa cha kanthu kokwana m'dzanja. Zakale tizigula zachitsulo: pulopela, giyabokosi, kabuleta, fulayiwilo, chivundikiro, chogwirira.

Kunenerera mtengo pamisika imeneyi n'kosiyana ndi kwa mumsika wa Limbe. Ambiri ogulitsa si mavenda, ndi eni maboti amene akufuna malo m'galaja, ndipo safuna kubwerera kunyumba ndi katundu. Fikani m'mamawa kuti musankhe zabwino, koma zolemera ndi zotsalira muzikambirana dzuwa litapendeka, akuyamba kulongedza. Musanyoze katundu wa munthu. Musonyezeni vuto lenileni, monga phiko lopindika kapena bawuti yothyokera m'kati, mumuuze kuti kukonza kudya ndalama, kenako mutchule mtengo wanu. Phatikizani zinthu zitatu kapena zinayi mufunse mtengo umodzi. Khalani ndi marandi osinthasintha, osatulutsa mpukutu wonse pagulu. Ndipo mtengo womaliza muudziwe musanatsegule pakamwa, mutachotsera thiransipoti, msonkho ndi ya makaniko. Ukapitirira pamenepo, thokozani n'kumapita. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsono nkhani ya mapepala. Injini za maboti zimabedwa kwambiri, ndipo yakuba imadziwika ndi kachitsulo ka manambala kochotsedwa kapena kopalidwa. Yotero isiyeni. Ku South Africa kuli lamulo la Second-Hand Goods Act la 2009, lomwe limafuna kuti ochita malonda a katundu wakale alembetse kupolisi ndi kusunga kaundula wa zomwe agula ndi kugulitsa. Mukagula kwa munthu wamba, lemberanani lisiti yokhala ndi dzina lake, foni, mtengo ndi nambala ya injini. Pa Beitbridge, Nyamapanda, Zobue ndi Mwanza pepala limenelo ndiye mboni yanu. Musadalirenso STR ya COMESA: imathandiza pa katundu wopangidwa m'mayiko a COMESA yemwe ali pamndandanda wogwirizana, pamene sipeya wa ku Japan wogulidwa ku South Africa salowamo. Lengezani katunduyo, mulipire zoyenera. Inu madalaivala, musalole kunyamula injini yopanda lisiti kapena yomwe sanakhuthule petulo, chifukwa ikavuta pa boda thiraki yomwe imaima ndi yanu.

Ndikudziwa ena anena kuti asodzi amafuna zotchipa, ndipo ukapanda kuwagulitsa iwe awagulitsa wina. N'zoona kuti ndalama ndi yovuta. Koma padoko anthu amadziwana onse, ndipo mbiri ya sipeya wofa imafika ku Makanjira inu musanafike ku Lilongwe. Wina agulitse kamodzi n'kusowa, inu mukufuna oda chaka ndi chaka. Muuzeni msodzi chilungamo kuti ichi n'chakale, chachokera m'madzi amchere, ndipo makaniko achione asanalowe nacho m'nyanja. Gwirizanani ndi makaniko mmodzi wa kunyanja, muzimutumizira zithunzi muli pamsika pomwepo musanalipire.

Amene mukudziwa manambala a injini zina zomwe zikuyenda ku Kariba, Cahora Bassa ndi Mpulungu, tiuzeni kuti tonse tipindule. Muyende bwino m'misewumu.